AirPower: chinapha kamphasa kotchajira ka Apple ndi chani kwenikweni?

Lachisanu pa 29 March 2019 a Apple anatumiza kauthenga kakafupi kwa atolankhani a TechCrunch, kochokera kwa Dan Riccio yemwe nthawi imeneyo anali mkulu wa mainjiniya opanga zipangizo za kampaniyi. Kauthengako kamangoti ayesetsa ndithu koma aona kuti AirPower, kamphasa kawo kotchajira popanda waya, siingafike pa mulingo womwe iwo amafuna, nde ntchito yonse aithetsa ndipo akupepesa kwa makasitomala omwe amadikira. Anawonjezera kuti akukhulupirirabe zoti tsogolo ndi lopanda mawaya. Basi pomwepo. Chomwe chinavuta sanatchule, mpaka lero sanatchule, nde mpata umenewo ndi womwe anthu akhala akuthiramo maganizo awo zaka zonsezi, ena akuti kutentha, ena akuti malamulo a boma la America, ena akuti mabwana anathamangira kulengeza chinthu chosapsa.

Ine ntchito yanga ndi yokonza mafoni ndi timabodi tamagetsi, makoyilo otchajira ndimawagwira ndi manja, nde ndati ndiilembe nkhaniyi mwadongosolo pang'ono kwa anzanga a ntchitoyi komanso aliyense wokonda zimenezi, kuyambira pomwe analonjeza mpaka pomwe mkangano uli.

Lonjezo lake

Pa 12 September 2017 ku Steve Jobs Theater ku Cupertino, tsiku lomwe anatulutsa iPhone 8, 8 Plus ndi iPhone X, mafoni oyamba a Apple otchaja popanda waya, Phil Schiller, mkulu wa zamalonda wa Apple nthawi imeneyo, anaonetsa AirPower, kamphasa koyera kozungulira motalikirapo. Anati pakamphasa kamodzi komweko muziika iPhone, Apple Watch ndi kabokosi ka AirPods, mahedifoni awo opanda waya, zitatu nthawi imodzi, ndipo foni izionetsa pa sikirini kuti chilichonse chafika maperesenti angati. Iye mwini ananena pagulu kuti mfundo za Qi, zomwe makampani ambiri amatsatira pa kutchaja kopanda waya, sizingathe kuchita zimenezi koma anyamata awo akudziwa kachitidwe kake, ndipo luso lawolo lidzalowa mu Qi. Anati kafika 2018. Mtengo sanatchule, mwezi sanatchule.

Chomwe chinasiyanitsa kamphasaka ndi matchaja ena chinali choti chipangizo muzingochiponya paliponse, osayang'ana kuti pakati ndi pati. Matchaja a malo awiri kapena atatu analipo kale pamsika, koma aliwonse anali ndi chizindikiro choti foni ikani apa, ina apa. Apple inafuna kuchotsa zizindikirozo. Mavuto onse omwe ndifotokoze kutsogoloku anabadwira pamenepo.

Mwezi wotsatira, October 2017, zinamveka kuti Apple yagula PowerbyProxi, kampani ya ku Auckland ku New Zealand yodziwa zotchaja popanda waya. Ambiri anaona ngati ndi nkhani yabwino. Koma mukaiganizira, kugula akatswiri patatha milungu yochepa mutalengeza kale kuti mukudziwa kachitidwe kake, zimapatsa mafunso ndithu.

2018 inayamba, zii. Msonkhano wa opanga mapulogalamu wa June unadutsa osatchula. Mwezi womwewo Mark Gurman wa Bloomberg analemba kuti akulimbana ndi kutentha komanso kuvuta kwa bodi yake, kuti mkati mwake muli chip ya Apple yoyendetsa iOS, pulogalamu ya mu iPhone, yodulidwadulidwa, ndipo akufuna kutulutsa mu September. September anafika, iPhone XS inatuluka, AirPower osamveka, ndipo pa webusaiti yawo anafufuta pafupifupi paliponse pomwe panali dzinali. Koma chodabwitsa, kapepala ka malangizo ka m'bokosi la XS kamanenabe kuti mutha kutchajira pa AirPower. Mu March 2019 anthu anapeza zizindikiro zake mu iOS 12.2, nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba kuti Apple inali itavomereza kuti fakitale iyambe kupanga, ndipo pa 20 March anatulutsa AirPods zachiwiri zokhala ndi kabokosi kotchaja popanda waya, pa katoni yake atajambulapo kamphasa komweko. Sabata imeneyo amatulutsa zinthu tsiku ndi tsiku, Lolemba ma iPad, Lachiwiri iMac, Lachitatu AirPods, nde aliyense amati Lachinayi ndi AirPower basi. Patangotha masiku 9 kuchokera pa AirPods zija ndi pomwe uthenga wa Riccio unatuluka, anthu ali ndi makatoni m'manja ojambulidwa chinthu chomwe sichidzapezeka.

Makatoni amenewo kwa ine ndi umboni wofunika kuposa mphekesera zonse. Katoni saisindikiza dzulo, imakonzedwa miyezi ingapo foni kapena mahedifoni asanatuluke. Ndekuti mkati mwa kampani munali anthu okhulupirira kuti chinthuchi chituluka mpaka mochedwa kwambiri, kapena dipatimenti ina siinkadziwa zomwe inzake ikukumana nazo. Zonse ziwiri sizabwino.

Mmene kutchaja kopanda waya kumayendera, kuti timvane

Mukachotsa bodi ndi batire la iPhone 8 n'kuyang'ana mkati mwa galasi lakumbuyo, pakati pali chigamba chakuda chozungulira, pansi pake waya wamkuwa wopyapyala wokulungidwa mozungulirazungulira, n'kachingwe kakang'ono kopita ku bodi. Imeneyo ndiye koyilo yolandira. Mu tchaja muli ina yotumiza. Tchaja imathamangitsa magetsi osinthasintha mu koyilo yake, pa Qi zimakhala cha m'ma 100 mpaka 200 kHz, mphamvu ya maginito imatuluka n'kudutsa mu koyilo ya foni, kumeneko imasandukanso magetsi, bodi n'kuwawongola kupita ku batire. Ndi thiransifoma yomweyi timaidziwa, kungoti aidula pakati, theka lili mu tchaja theka mu foni, ndipo pakati pali galasi, pulasitiki, pena kava yokhuthala ya kasitomala.

Vuto ndi loti makoyilo awiriwa amafuna ayang'anizane bwinobwino. Zili ngati kuthira palafini m'botolo popanda fanulo, mukalunjika kukamwa amalowa, mukapotoza pang'ono ambiri amatayikira pambali. Apa zotayikazo zimasanduka kutentha, mu koyilo, mu bodi, mu chitsulo chilichonse chomwe chili pafupi. Mu 2020 atolankhani a OneZero mothandizana ndi iFixit, akatswiri a zokonza zipangizo, anayeza pa foni ya Pixel 4, waya unadya ma watt-hour (muyezo wa magetsi ogwiritsidwa ntchito) 14.26 kudzaza foni pomwe kutchaja kopanda waya kunadya 21.01, kusiyana kwa 47 peresenti, ndipo foni ikakhala mopotoka zimaipiraipira. Imeneyo ndi foni imodzi pa tchaja wamba.

Chinanso chomwe ambiri sadziwa, foni ndi tchaja zimayankhulana. Palibe Bluetooth pamenepo, foni imasintha pang'onopang'ono mmene ikukokera mphamvu, tchaja imamva kusinthako pa koyilo yake n'kuwerenga ngati uthenga, onjeza, chepetsa, ndakhuta. Tchaja imawerengeranso mphamvu yomwe yatumiza ndi yomwe foni ikuti yalandira, zikasiyana kwambiri imadziwa kuti pali kobiri kapena kiyi pakati nde imazima, chifukwa kachitsulo kotero kamatentha mpaka kuwotcha chala. Amene munayesapo kuika ndalama yachitsulo pa matchaja otchipa osadziwika dzina aja mukudziwa zomwe ndikunena.

Nde kuti foni itchaje paliponse pakamphasa, paliponsepo pakufunika koyilo yoyang'anizana nayo. Kuwandandalika mbali ndi mbali sikukwana chifukwa pamalire pamakhala pakufa. Muyenera kuwasanjika, ena pamwamba pa anzawo molumikizana m'mphepete. Mtolankhani wa ku Australia Sonny Dickson mu September 2018 anati mkati muli makoyilo pakati pa 21 ndi 24, ndipo mu 2021 Giulio Zompetti wa ku Italy yemwe amatolera zipangizo zoyesera za Apple anaonetsa AirPower yopanda chikuto, ili ndi makoyilo 22 kutsogolo ndi timabodi toyendetsa 22 kumbuyo. Koyilo iliyonse ndi dalaivala wake. Mukaona chithunzicho bodi yadzaza thothotho, malo opumira palibe.

Gulu loyamba: kutentha

Awa ndi ambiri, ndipo ali ndi mfundo. John Gruber, wolemba nkhani za Apple yemwe amamva zamkati, analemba mu September 2018 kuti wamva kwa anthu angapo kuti makoyilo ambiriwo akutentha kwambiri, ndipo panali mainjiniya omwe ataona pulani yake ananeneratu kuti pa nkhani ya kutentha sizingatheke. Dickson nayenso anaika kutentha patsogolo.

Zifukwa zake n'zomveka. Koyilo yomwe ili pansi pa zinzake ili kutali ndi foni nde imafuna mphamvu yambiri kuti ifikitse zomwezo. Mphamvu ya maginito ya koyilo yomwe ikugwira ntchito imadutsanso mu mkuwa wa makoyilo oyandikana nawo olo akhale ozima, n'kuyambitsa timagetsi tozungulira mkati mwawo, timenetonso ndi kutentha. Muonjezere zipangizo zitatu nthawi imodzi, ma chip 22, ka iOS kaja kakuyenda, zonse mu kanthu kopyapyala kokutidwa ndi zofewa, kopanda fani chifukwa Apple siingalole kamphasa kolira usiku pambali pa bedi. Ndipo foni yagona pamwamba pomwe, batire lake lili kumbuyo komweko moyang'anana ndi moto.

Batire la lithiamu silikondana ndi kutentha. Apple yomwe imati iPhone izigwira ntchito pakati pa 0 ndi 35 digiri, ndipo ikafunda iOS imatha kuimitsa kutchaja pa 80 peresenti mpaka izizire. Kuno miyezi ya October ndi November chipinda chamalata chimafika pamenepo chokha tchaja isanayambe n'komwe, ndipo mafoni obwera pa benchi panga atatupa batire mpaka sikirini kunyamuka m'mphepete, mukafunsa mwini wake nthawi zambiri mumamva kuti amagoneka pa tchaja yopanda waya usiku wonse ali mu kava. Nde ndikamva zoti makoyilo 22 sindifunika kundinyengerera kuti ndikhulupirire zakutentha. Musaiwalenso kuti chaka chimodzi chokha AirPower isanalengezedwe, mu 2016, Samsung inali itaitanitsa ndi kusiyiratu Galaxy Note 7 chifukwa cha mabatire oyaka, ndipo kumapeto kwa 2017 Apple inali pa moto ndi nkhani yochedwetsa ma iPhone a mabatire okalamba. Panalibe bwana amene akanasaina chinthu chokayikitsa pa batire nthawi imeneyo.

Koma kutentha kokha sikundikhutiritsa. Kutentha kuli ndi mankhwala odziwika, mumachepetsa mawati, mumakhuthalitsa chipangizo, mumaika aluminiyamu pansi. iPhone ya nthawiyo imangolandira mawati 7.5 pa Qi, wotchi ndi AirPods zimadya pang'ono kwambiri. Akanafuna akanatulutsa kamphasa kochedwa kutchaja n'kunena kuti n'ka usiku, anthu akanagulabe. Kuti achite kutaya ntchito ya zaka, payenera panali china choonjezera.

Gulu lachiwiri: phokoso la magetsi

A iFixit atangomva za kuthetsedwaku anacheza ndi injiniya wina wodziwa zamawayilesi, yemwe anati vuto lalikulu liyenera kuti linali mafunde otayikira kunja. Koyilo iliyonse ikamagwira ntchito simatulutsa mafunde a 100 kHz okha, imatulutsanso ena owirikiza kawiri, katatu, kupita m'mwamba. Makoyilo ambiri akamayenda pamodzi mafunde amenewa amaphatikizana, pena n'kukula kwambiri pamalo ena, ndipo iye anati akafika poipa atha kusokoneza zinthu ngati makina othandiza kugunda kwa mtima ndi othandiza kumva. Ku America bungwe la boma la FCC lili ndi malire a zimenezi, ku Europe aliponso awo, mukapyola simugulitsa. Maganizo awo anali oti mwina mu labu chinthucho chimagwira ntchito ndithu, koma chimalephera mayeso a malamulo, ndipo zimenezi zimafotokoza chifukwa chake anachisiya mochedwa chonchija makatoni atasindikizidwa kale.

Mfundo ya nthawiyo ndimaigwirizana nayo. Mayeso amenewa amabwera chakumapeto, chinthu chikakhala m'chikuto chake chenicheni, ndipo mukalephera pamenepo kukonza kwake kumakubwezani koyambirira. Muika zotchinga mafunde, zotchingazo zimasunga kutentha. Muchepetsa mphamvu, foni yokhala pa koyilo yapansi siitchaja. Musintha kayendedwe ka mafunde, uthenga wa foni uja sukumveka bwino. Apa ndi pomwe ndimaona kuti magulu awiriwa akukangana pachabe, akunena nyama imodzi wina wagwira mutu wina mchira. Kusanjika makoyilo ndi komwe kumabweretsa kutentha, ndi komwenso kumabweretsa phokoso, ndipo mankhwala a chimodzi amakulitsa chinzake.

Phokosoli lilinso ndi mbali yamkati yomwe siikhudza boma. Paja ndati foni imayankhula ndi tchaja posintha kakokedwe ka mphamvu. Pakakhala zipangizo zitatu pafupipafupi pa makoyilo olumikizana, uthenga wa foni umamvekanso pa koyilo yomwe ikutumikira AirPods, nde bodi iyenera kusiyanitsa kuti akuyankhula ndani, ili koyilo iti yoyenera kuyatsa, ndi kuti mphamvu yosowayo yapita ku chipangizo choyandikana kapena ku kiyi wa galimoto yemwe wina waponya pamenepo. Kenako uthenga wonsewo upite ku foni kuti ionetse timaperesenti tija pa sikirini. Dickson anatchulanso zimenezi, kuti kuyankhulana kwa zipangizo kunali ndi mavuto. Kwa wokonza zinthu vuto lotere ndi loipa kuposa kutentha chifukwa limabwera pena n'kusowa pena, lero zatchaja mawa kasitomala wadzuka foni ili pa 12 peresenti.

Wotchi, yomwe anthu amaiiwala

Ine ndikafunsidwa kuti ndisankhe chinthu chimodzi chomwe chinalemetsa katunduyu, ndimaloza Apple Watch. Wotchi imeneyi siitchaja pa Qi wamba, iyikeni pa tchaja ya Samsung kapena Anker muone, siidzuka. Ili ndi njira yakeyake, koyilo yake ndi yaing'ono kwambiri, kumbuyo kwake n'kotukuka ndipo tchaja yake ndi yolowa mkati yokhala ndi maginito oti zigwirane ndendende. Tsono mukufuna kanthu kotukuka kameneko kagone pa mphasa yosalala, popanda maginito okakoka, pena lamba wake akukanyamula, katchaje paliponse pa makoyilo omwe kukula kwake anayezera foni. Koyilo yaikulu kutumiza ku yaing'ono kwambiri ndiye kutaya mphamvu kwenikweni, nde kamphasako kamayenera kutumikira mitundu iwiri ya kutchaja pamalo amodzimodzi.

Umboni wake unabwera pambuyo pake. Anthu ena amati zomwe Apple inafuna n'zosatheka, koma mu 2020 kampani ya Nomad inatulutsa Base Station Pro ya makoyilo 18 pogwiritsa ntchito luso la kampani ya Aira lotchedwa FreePower, zipangizo zitatu paliponse, pa madola 229. Xiaomi inatulutsa yake ya makoyilo 19 mu 2021. Tesla nayo inabwera ndi ya makoyilo 30 pa madola 300, ya FreePower yomweyo. Zonsezi zinadutsa malamulo n'kugulitsidwa, ndekuti nkhani yoti makoyilo ambiri sangadutse mayeso siyoona kwenikweni. Koma ya Nomad ija Apple Watch siinkatchaja, ya Tesla chimodzimodzi, ndipo panalibe yomwe imatumiza maperesenti a chilichonse ku sikirini ya foni. Anatenga theka la lonjezo la Schiller, theka lovutalo anasiya. A Aira anasinthanso kapangidwe, makoyilo awo ndi osindikizidwa pa bodi, osati waya wokulunga wosanjikizana.

Gulu lachitatu: analengeza msanga

Apa palibe chokangana kwambiri. Apple ya kale imadziwika ndi kulengeza chinthu lero, sabata yamawa chili m'sitolo. Koma zaka zimenezo zinthu zinayamba kuterereka, AirPods zoyamba zinachedwa kuchoka October kufika December 2016, HomePod analonjeza December 2017 inatuluka February 2018. AirPower inali yoipitsitsa chifukwa zinazo zinali zitatsala pang'ono, iyi ikuoneka kuti inali isanathetse funso lake lalikulu. Maganizo anga ndi oti amafuna kanthu koonetsa kuti sakungotsatira, paja Nokia inali ndi Qi kuyambira 2012 pa Lumia 920 ndipo Samsung inaika mu Galaxy S6 mu 2015, nde kubwera mu 2017 ndi kutchaja wamba kwa mawati ochepa kukanaoneka kuchedwa. Kamphasa kaja kanali kophimba manyazi amenewo. Makampani onse amayesa zinthu n'kuzitaya mwakachetechete, ifenso pa benchi timatero, kusiyana kwake n'koti iyi anaionetsa dziko lonse ndi chaka chake chomwe.

Koma kulengeza msanga kumangofotokoza manyaziwo, sikufotokoza kulephera. Akanakhala chete chinthucho chikanafabe, kungoti ife sitikanadziwa.

Zomwe anachita pambuyo pake ndi zomwe zimandiuza kuti iwo eni anaona vuto lili pati. Mu October 2020 ndi iPhone 12 anabweretsa MagSafe, mkombero wa maginito kuzungulira koyilo ya foni ndi wina pa tchaja. Foni imadzikoka yokha n'kukhala pakati penipeni, koyilo imodzi kuyang'anizana ndi imodzi, ndipo chifukwa zalunjika anatha kukweza mpaka mawati 15, kawiri ya zomwe Qi imapereka pa iPhone. Mawu aja oti paliponse anawataya n'kupita mbali inayo, malo amodzi okha basi koma osaphonya. Bungwe la Wireless Power Consortium lomwe limayang'anira Qi linatenga njira yomweyo ya maginito n'kulengeza Qi2 mu January 2023, nde zomwe Schiller ananena zoti luso lawo lidzalowa mu Qi zinachitikadi, kungoti linalowa ndi la MagSafe osati la AirPower. Maginito omwewo anavutitsanso matchaja a paliponse aja, a Nomad anavomereza kuti iPhone 12 imavuta pa Base Station Pro.

Ya zipangizo zingapo Apple inangotulutsa MagSafe Duo ya madola 129, kopinda pakati, mbali ina ya foni mbali ina kachitsulo ka wotchi kakekake, ziwiri zokha osati zitatu. Imeneyonso anasiya kugulitsa mu September 2023 pomwe iPhone 15 inasamukira ku USB-C, ndipo wofuna kutchaja foni, wotchi ndi AirPods pamodzi lero amagula za Belkin kapena Anker, zomwe chilichonse chili ndi malo ake ndi koyilo yake.